Chule amafa ndi mchere, nanga pa zilumba za pakati pa nyanja anafikapo bwanji?

Chule samwa madzi ndi pakamwa. Akamva ludzu amangopeza ponyowa nkukhalapo phee, mimba itagunda pansi, madzi nkumalowa okha kudzera pakhungu la kumimba ndi la m'ntchafu. Khungu lomwelo ndi lomwe amapumiranso mbali ina. Ndi lopyapyala, lonyowa nthawi zonse, lilibe mamba ngati la buluzi, ndiye chilichonse chomwe chili m'madzi momwe wakhalamo chimamufika mpaka m'magazi. Tsopano mutengeni chule ameneyu mumuike m'nyanja yamchere, momwe lita imodzi ya madzi imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Zinthu zimatembenuka. M'malo moti madzi alowe m'thupi, amayamba kutuluka kupita kunja komwe kuli mchere wambiri, mchere nawonso ukulowa, chule uja amauma ali m'madzi momwemo mpaka kufa. Paja amati chule anadabwa m'madzi muli mwake, apa ndiye zimachitikadi. Mazira ake ndiye osanena, alibe chigoba, angokutidwa ndi zoterera zija basi, mchere ukangowafika atha.

Charles Darwin anazilingalira kwambiri zimenezi. M'buku lake la mu 1859, On the Origin of Species, analemba kuti pa zilumba za pakati penipeni pa nyanja simupeza achule obadwira pompo, chonsecho nyengo yake ndi yoti achule akhoza kusangalala nayo, ndipo umboni wake unali woti anthu atawapititsa ku Madeira, ku Azores ndi ku Mauritius anaswana mpaka kusowetsa anthu mtendere. Malo ndi abwino koma njira yokafikira kulibe. Kwa iyeyo iyi inali mfundo yamphamvu yosonyeza kuti zamoyo zimapezeka komwe makolo awo anakwanitsa kufika. Ndipo sikuti ananama ayi, Hawaii ilibe chule wakewake ngakhale mmodzi, onse omwe ali kumeneko anabwera ndi anthu, Galápagos chimodzimodzi. Kwa zaka zoposa 100 nkhani inali yomweyo, kuti mbalame zimauluka, njere zimayandama, abuluzi amapirira, koma chule nyanja sawoloka.

Vuto ndi loti pali zilumba zingapo zomwe zimakana lamulo limeneli, ndipo kuti timvetsetse chifukwa chake zili zovuta tiyambe tasiyanitsa zilumba, poti sizofanana. Zina ndi zidutswa chabe za mtunda waukulu zomwe madzi anazizungulira. Chitsanzo ndi Bioko, makilomita pafupifupi 32 kuchokera ku gombe la Cameroon. Nyanja ya pakati pake ndi yosazama, ndiye nthawi yomwe dziko linazizira kwambiri madzi ambiri nkuundana kukhala ayezi, nyanja inatsika ndi mamita pafupifupi 120 ndipo Bioko inalumikizana ndi Africa, chule akanatha kungodumphadumpha mpaka kukafika. Pamenepo palibe chodabwitsa. Koma pitani chakummwera pang'ono, ku Príncipe ndi São Tomé. Izi ndi nsonga za mapiri ophulika omwe anatumphuka kuchokera pansi pa nyanja, chiphalaphala chamoto chikuunjikana mpaka kutulukira pamwamba pa madzi. Zinabadwa zili mwala wokhawokha wotentha, popanda chamoyo chilichonse, zili pa mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Africa, ndipo madzi a pakati pake ndi akuya kupitirira kilomita imodzi ndi theka, olo nyanja itatsika bwanji sipangaoneke mlatho. Sizinagundanepo ndi Africa chiyambire. Koma kuli achule, ndipo ndi mitundu yoti kwina kulikonse padziko simuipeza.

Akatswiri akale akakumana ndi zoterezi anali ndi mayankho awiri othawirako. Loyamba linali loti anthu ndi amene anawabweretsa, kaya mwadala kaya mwangozi m'katundu wa m'sitima. Lachiwiri linatchuka kuyambira m'ma 1960 asayansi atavomereza kuti makontinenti amayenda, kuti kalekale Africa, South America, India, Madagascar, Australia ndi Antarctica zinali mtunda umodzi wotchedwa Gondwana womwe unang'ambika pang'onopang'ono. Ndiye ukapeza achule apachibale mbali ziwiri za nyanja umangoti aa, awa sanawoloke, nthaka ndi yomwe inang'ambika iwo ali pomwepo, nyanja inabwera pambuyo. Yankho limeneli linali lokoma chifukwa limamveka lasayansi, pomwe kunena kuti chule anakwera chipika nkuwoloka nyanja kumamveka ngati nthano, ndipo panalibe njira yoyesera ngati zili zoona. Chomwe chinasintha zinthu ndi DNA.

Mu selo iliyonse ya chule muli DNA, yomwe tingati ndi kalata yaitali kwambiri yolembedwa ndi zilembo 4 zokha, A, C, G ndi T, ndipo zigawo zake ndi zomwe amazitchula kuti majini, malangizo a chibadwa omwe mwana amatengera kwa makolo. Kalatayi imakopedwa mbadwo uliwonse, ndipo pokopera pena pamalakwika chilembo chimodzi. Taganizirani anthu akukopera kalata pamanja, wina akamaliza kupatsa mnzake kuti akoperenso. Munthu wachisanu akalakwitsa chilembo, onse okopera kwa iye azipitiriza cholakwikacho osadziwa, pomwe omwe anakopera kwa wachinayi sakhala nacho. Mutatolera makalata onsewo patapita nthawi mukhoza kudziwa kuti iyi inachokera kwa iyi pongoona zolakwika zomwe akugawana. Ndi zomwe amachita mu labotale. Amadula kachidutswa kakang'ono ka chala cha chule kapena ka mnofu, nkukaika mu mowa wa spiriti kuti kasawole, nkuwerenga chigawo chimodzi cha DNA. Kwa achule chigawo chomwe chagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi chotchedwa 16S, zilembo 500 ndi kena kake, chochokera mu mitochondria, tizinthu ta mu selo tomwe timapanga mphamvu ndipo DNA yake mwana amatengera kwa mayi yekha. Akafoletsa zilembo za chule wa pachilumba ndi za achule a kumtunda, kompyuta imajambula mtengo wa chibale, kusonyeza kuti uyu mbale wake wapafupi ndi uti. Masiku ano amawerenga zigawo masauzande nthawi imodzi osati chimodzi chokha, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Chinanso, zolakwika zija zimaunjikana ndi nthawi, ndiye kuchuluka kwa kusiyana kumakupatsani chithunzi cha nthawi yomwe mabanja awiri anasiyana. Ganizo limeneli analiyambitsa Emile Zuckerkandl ndi Linus Pauling kumayambiriro kwa ma 1960 ndipo anthu amalitchula kuti wotchi ya mu DNA. Ndinene poyera kuti si wotchi yapamkono iyi, imathamanga mosiyana m'mabanja osiyana, amachita kuitchera pogwiritsa ntchito mafupa akale okumbidwa pansi omwe zaka zake zikudziwika, ndipo yankho limatuluka ngati "pakati pa zaka 20 ndi 30 miliyoni", osati tsiku lenileni. Koma pa funso lathuli zimenezo ndi zokwanira, chifukwa nkhani zomwe tikusiyanitsa ndi zotalikirana kwambiri. Ngati chule anabwera ndi anthu zaka 300 zapitazo, DNA yake ikhala yofanana ndendende ndi ya kwawo komwe anachokera, nthawi yosinthira sinakwane. Ngati anang'ambika limodzi ndi nthaka, kusiyana kwake kukhala kwakukulu kofanana ndi zaka za kung'ambikako. Koma ngati wasiyana ndi abale ake mokwanira kuti anthu asakhale ndi mbali, koma kusiyanako nkukhala kwaposachedwa kuposa nyanja yomwe ili pakati, kapena chilumbacho sichinagundanepo ndi mtunda nkomwe, ndiye kuti makomo onse atsekeka kwatsala limodzi. Anadutsa pamadzi.

Pomwe izi zinaonekera bwino koyamba ndi ku Mayotte, chilumba cha m'gulu la Comoros, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Madagascar. Nachonso ndi cha phiri lophulika, sichinagundanepo ndi Madagascar kapena Africa. Kuli achule a m'banja la Mantellidae, banja lomwe kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar, ndipo kwa zaka zambiri aliyense ankangoti ndi achule wamba a ku Madagascar omwe anakwera ngalawa za amalonda, poti amaonekadi ofanana nawo. Mu 2003 Miguel Vences ndi anzake anafalitsa zotsatira za DNA, ndipo zinasonyeza kuti achule awiri a ku Mayotte aja sakufanana ndi mtundu uliwonse wa ku Madagascar, asiyana nawo pa mlingo woti pamafunika zaka mamiliyoni, kalekale munthu asanaganize zosema ngalawa. Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi choti awiriwa si apachibale chapafupi, wina ndi wa gulu la Boophis, achule a m'mitengo, wina ndi wa gulu la Blommersia, ndiye kuti sikuti anafika mmodzi nkudzagawikana pachilumbapo ayi, ulendowu unachitika kawiri, paderapadera. Mu 2019 Frank Glaw ndi anzake anawapatsa mayina, Blommersia transmarina ndi Boophis nauticus, mayina achilatini onena za kuwoloka nyanja ndi za amalinyero. Chaka chotsatira kunalengezedwanso wachitatu, Blommersia nataliae, yemwe anali akubisala m'nkhalango za pachilumba chomwecho.

Nyanja ya Indian imeneyi ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa nkhani zonse zija zimapezeka malo amodzi. Tengani Seychelles. Zilumba zake zikuluzikulu si za mapiri ophulika, ndi mwala wakale wa Gondwana womwe unatsalira India atanyamuka kupita kumpoto zaka pafupifupi 65 miliyoni zapitazo. Kuli tiachule ting'onoting'ono ta banja la Sooglossidae, kena mwa ito kamangokwana sentimita imodzi, kokhala pa chikhadabo. Kwa nthawi yaitali mbale wa tiachule timeneti sankadziwika, mpaka mu 2003 momwemo pomwe S. D. Biju ndi Franky Bossuyt analengeza za chule wonenepa wofiirira wokhala pansi pa nthaka m'mapiri a Western Ghats ku India, Nasikabatrachus sahyadrensis, ndipo DNA inati mbale wake wapafupi padziko lonse ndi tiachule ta ku Seychelles tija, anasiyana kalekale nthawi ya ma dinosaur. Awa ndiye sanawoloke nyanja, nthaka ndi yomwe inawanyamula. Koma pa zilumba zomwezo pali chule wina wa m'mitengo, Tachycnemis seychellensis, yemwe abale ake apafupi ndi a gulu la Heterixalus ku Madagascar, ndipo kusiyana kwawo ndi kwaposachedwa kwambiri poyerekeza ndi zaka pafupifupi 88 miliyoni zomwe Madagascar inalekana ndi India ndi Seychelles. Uyu anawoloka. Makolo a Heterixalus nawonso anachokera ku Africa zaka 20 kapena 30 miliyoni zapitazo, pomwe Madagascar inachoka ku Africa zaka pafupifupi 160 miliyoni zapitazo, ndiye banja limodzi lomweli linawoloka kawiri, Africa kupita ku Madagascar, kenako Madagascar kupita ku Seychelles. Ndiye palinso wachitatu, chule wa m'maudzu Ptychadena mascareniensis, yemwe DNA yake ku Seychelles, Mauritius ndi Réunion ndi yofanana ndi ya ku Madagascar, kusonyeza kuti kumeneko anachita kupita ndi anthu. Pongowayang'ana ndi maso simungadziwe kuti uyu anabwera ndi nthaka, uyu ndi madzi, uyu ndi sitima.

Tibwerere ku São Tomé ndi Príncipe, chifukwa kumeneko ndi komwe funso loti zinatheka bwanji linayankhidwa mogwira mtima. Príncipe ili ndi zaka pafupifupi 31 miliyoni, São Tomé pafupifupi 13 miliyoni, ndipo Apwitikizi atafika m'ma 1470 sanapezeko anthu. Kuli achule a magulu 4 osiyana, Ptychadena, Hyperolius, Phrynobatrachus ndi Leptopelis, ndiye kuwonjezera apo kuli kanyama kena ka m'gulu limodzi ndi achule koma kopanda miyendo, kooneka ngati nyongolotsi yonenepa yachikasu chowala, Schistometopum thomense, komwe eni dziko amakatchula kuti cobra bobo. Kameneka kamakhala m'dothi, sikasambira panyanja, sikakwera mumtengo, mbalame singakanyamule kamoyo makilomita 200. Kuti kafike kumeneko ndiye kuti dothi lenilenilo linayenda. Magulu 5 osiyana akutanthauza maulendo osachepera 5. Robert Drewes wa ku California Academy of Sciences anatsogolera maulendo ambiri ofufuza kumeneko kuyambira mu 2001, ndipo zomwe anatolera ndi zomwe zinathandiza kumasula nkhaniyi. John Measey ndi anzake mu 2007 anawerenga DNA ya Ptychadena newtoni wa ku São Tomé napeza kuti ndi mtundu wapaokha, ndipo abale ake apafupi mwa omwe anayezedwa sanali a ku gombe loyandikana nalo, anali a chakummawa kwa Africa. Cobra bobo nayenso mbale wake, Schistometopum gregorii, amakhala ku Kenya ndi Tanzania, tsidya lina la kontinenti.

Poyamba zimaoneka zosamveka, koma tayang'anani mapu a mitsinje. Mtsinje wa Congo umatunga madzi kuchokera kutali kummawa, ngakhale nyanja ya Tanganyika imatsanulira momwemo kudzera mu mtsinje wa Lukuga, ndipo umakathira mu Atlantic madzi ochuluka kuposa mtsinje wina uliwonse padziko kupatula Amazon, ma cubic metre pafupifupi 40,000 pa sekondi iliyonse. Madzi opanda mchere ndi opepuka kuposa amchere, ndiye sasakanikirana msanga, amayala pamwamba ngati mphasa nkupita makilomita mazanamazana mkati mwa nyanja. Onjezerani mtsinje wa Niger kumpoto, Ogooué ku Gabon, ndi mvula yamphamvu yomwe imagwa m'dera limeneli, mupeza kuti pa nyengo zina madzi a pamwamba pa nyanja imeneyi mchere wake umachepa ndithu. Ganizo la Measey ndi anzake linali loti zinthu zitatu zikakumana, mulu woyandama wochokera mumtsinje, madzi a m'nyanja akuyenda molunjika ku zilumba, ndi mchere wochepa pamwamba, chule akhoza kudutsa m'kanjira ka madzi abwino pakati pa nyanja yamchere. Apa ndiyenera kuchenjeza kuti nkhalango za Congo sizinafufuzidwe mokwanira, ndiye mwina mbale weniweni wa achulewa ali chapafupi kungoti palibe yemwe wamugwira. Mtengo wa chibale umangokuuzani za omwe mwawayeza.

Muluwo musauganizire ngati chipika chimodzi chule atakhala pamwamba. Mtsinje waukulu ukasefukira umagumula gombe lathunthu, mitengo ikugwa ndi mizu yake yomwe, mizuyo itagwira dothi, ziyangoyango zitamanga zonse pamodzi, udzu, bango, masamba owola, chinthu chachikulu ngati bwalo chikutsika ndi madzi mitengo ina itaimirira. Mkati mwake muli chinyezi. Muli mphako za mitengo zomwe mwadikha madzi a mvula, muli makungwa ofundukuka momwe kachule kangalowe nkudzipanikiza miyendo itapindidwa pansi pa mimba kuti kasataye madzi, muli chiswe ndi nyerere zoti kadye. Chule thupi lake silidzitenthetsa lokha ngati la khoswe, ndiye safuna chakudya chambiri, akhoza kukhala masabata osadya kanthu. Chomwe chingamuphe ndi mafunde omwaza mchere ndi dzuwa, ndiye mvula ikamagwa masiku onse a ulendowo mwayi ulipo. Ndipo sizongoganizira kuti milu yotere imanyamula nyama. Mu 1995, mphepo zamkuntho za Luis ndi Marilyn zitangodutsa ku Caribbean, asodzi a ku Anguilla anaona mulu wa mitengo yozuka ukukocheza pagombe uli ndi abuluzi akuluakulu otchedwa green iguana osachepera 15, mtundu womwe kunalibe pachilumbapo. Ellen Censky ndi anzake analemba za nkhaniyi mu 1998, ndipo zikuoneka kuti anachokera ku Guadeloupe, ulendo wa makilomita pafupifupi 300. Panali amuna ndi akazi omwe. Buluzi si chule, khungu lake ndi lolimba, koma galimoto yake ndi yomweyo.

Munthu akhoza kunena kuti komabe mwayi wake ndi wochepetsetsa, ndipo akunena zoona. Milu yambiri imaphwasuka, ina imaphonya chilumba nkupitirira mpaka zonse zili pamenepo zitafa, ina imafika koma ndi chule mmodzi wamwamuna yemwe amalira usiku uliwonse popanda womuyankha mpaka kukalamba. Pamafunika wamkazi ndi wamwamuna, kapena mazira okhwima kale, afikenso pomwe pali madzi abwino pafupi. Koma ife timayeza mwayi ndi moyo wa munthu, zaka 70 kapena 80, pomwe chilumba chimadikira mamiliyoni. Tingoyerekeza, osati kuti ndi chiwerengero chenicheni, kuti ulendo wopambana umachitika kamodzi pa zaka 1 miliyoni zilizonse. Palibe munthu angauone, palibe mbiri ya anthu ingaukumbukire. Koma pa zaka 13 miliyoni za São Tomé ndiye kuti wachitika ka 13. George Gaylord Simpson mu 1940 anaziyerekeza ndi lotale, ndipo fanizoli limalongosolanso chifukwa chomwe zilumba zotere zimakhala ndi magulu ena nkusowa ena. Madagascar ili ndi mitundu ya achule yoposa 350 koma yochokera m'mabanja ochepa, mabanja ambiri odziwika a ku Africa kulibe, chonsecho Africa ili pa makilomita 400 ndi kena kake basi. Pakanakhala mlatho bwenzi atawoloka onse.

DNA imasonyezanso zomwe zimachitika akafika. Poti ofikawo amakhala ochepa, amangonyamula kachigawo kakang'ono ka kusiyanasiyana komwe kunali kwawo, ndiye achule a pachilumba amafanana okhaokha kwambiri kuposa abale awo a kumtunda, ndipo pa mtengo wa chibale amaoneka ngati kanthambi kamodzi kophukira mkati mwa nthambi yaikulu ya kumtunda. Ndi mmene timadziwira komwe ulendo unalowera. Rayna Bell anachita zimenezi ndi achule a m'bango a Hyperolius, napeza kuti onse a ku São Tomé ndi Príncipe anachokera ku ulendo umodzi wochokera chapakati pa Africa, dera la mitsinje ya Ogooué ndi Congo. Atafika ku São Tomé anagawikana pawiri, Hyperolius molleri wamng'ono yemwe amaswana m'madambo ndi m'mphepete mwa madzi, ndi Hyperolius thomensis wamkulu wa m'nkhalango za kumapiri yemwe amaikira mazira m'mphako za mitengo momwe mwadikha madzi. Kenako ena ananyamukanso kuchoka ku São Tomé kupita ku Príncipe, makilomita pafupifupi 150 a nyanja, ndipo kumeneko anasanduka mtundu wina womwe Bell anautcha Hyperolius drewesi mu 2016 polemekeza Drewes. Pomwe nkhalango yadulidwa ku São Tomé, awiri oyamba aja akumakumananso nkumaberekana, ndipo zimenezonso zikuoneka m'majini awo.

Achule ena ali ndi mwayi woposa anzawo pa maulendo otere, makamaka omwe sadutsa mu mbululu. Amaikira mazira pa tsamba lonyowa kapena pansi pa zinyalala, mwana amakulira m'dzira momwemo nkutuluka ali kachule kathunthu, safuna dziwe. Si ngozi kuti achule achilengedwe omwe anafika kutali kwambiri kummawa mu Pacific, mitundu iwiri ya ku Fiji ya gulu la Cornufer, ndi otere, ndipo abale awo adzaza ku Solomon Islands, New Guinea ndi Philippines. Ku Caribbean nakonso achule ambiri ndi a gulu la Eleutherodactylus, mitundu yoposa 150, onse opanda mbululu. Matthew Heinicke, William Duellman ndi Blair Hedges mu 2007 anapeza kuti onsewa anachokera kwa kholo limodzi lomwe linachoka ku South America pakati pa zaka 47 ndi 29 miliyoni zapitazo, ndipo iwo anati linadutsa panyanja. Apa pokha mkangano ulipo ndithu, chifukwa akatswiri ena amati cha m'ma zaka 34 miliyoni zapitazo panali mtunda wotchedwa GAARlandia womwe unalumikiza South America ndi zilumbazi kwa kanthawi, ndipo zaka zimenezo zikugwera mkati mwa zomwe wotchi ya DNA ikunena. DNA imakuuzani kuti ndani mbale wa ndani komanso liti, koma siinena ngati mapazi ananyowa. Pamenepo pamafunika akatswiri a miyala, ndipo ndi chifukwa chake ine ndimaona Mayotte ndi São Tomé ngati umboni wolimba kuposa Caribbean, poti kumeneko nkhani ya mlatho palibe amene angaiyambitse.

Nkhani ya mchere ija nayonso si yofanana kwa achule onse. Ku Southeast Asia kuli chule wotchedwa Fejervarya cancrivora, wodya nkhanu, yemwe amakhala m'matope a m'mphepete mwa nyanja momwe madzi ndi amchere, amasunga urea, chinthu chomwe thupi limataya mu mkodzo, wambiri m'magazi kuti madzi asamuthawe m'thupi. Gareth Hopkins ndi Edmund Brodie atasonkhanitsa zolembedwa zonse mu 2015 anapeza mitundu 144 ya achule ndi abale awo yomwe inaonedwapo m'malo amchere. Pa mitundu yoposa 8,000 ndi yochepa, ndipo yambiri imangopirira mchere wapang'ono, koma pa ulendo wa sabata ziwiri m'madzi osungunuka ndi mtsinje, kupirira kwapang'onoko ndi komwe kumasiyanitsa wofika ndi wofera panjira.

Masiku ano njira zomwezi zowerengera DNA zikugwira ntchito ina yomvetsa chisoni, yolondola achule omwe tikuwawolotsa ife. Chule wotchedwa coquí wa ku Puerto Rico, wa gulu la Eleutherodactylus lomwe lija, anafika ku Hawaii chakumapeto kwa ma 1980 atabisala m'mbande za maluwa, ndipo ulendo womwe achule analephera kwa zaka mamiliyoni iye anaupanga m'masiku ochepa. Ku Madagascar mu 2014 kunamveka zoti kufupi ndi doko la Toamasina kwabuka chule wachilendo wa zotupatupa pakhungu, Duttaphrynus melanostictus wa ku Asia, yemwe akuoneka kuti anafika cha m'ma 2010 m'katundu wa pa sitima. Atamuyeza anapeza zomwe mungayembekezere kwa mlendo wa dzulodzulo, onse omwe anagwidwa DNA yawo ya mu mitochondria inali yofanana, ndipo inaloza ku dera la Cambodia ndi kummwera kwa Vietnam. Banja la achule amenewa silinakhaleko ku Madagascar nkale lonse, ndiye njoka, mbalame ndi nyama zodya achule za kumeneko sizinakumanepo ndi poizoni yemwe amatuluka m'zotupa za kuseri kwa maso ake. Ofufuza atawerenga jini yomwe imateteza nyama ku poizoni ameneyu mwa zilombo za pachilumbachi, anapeza kuti pafupifupi zonse zilibe chitetezocho, ndipo njoka zakufa zitameza chuleyu zayamba kale kupezeka m'madera ozungulira Toamasina pomwe iye akupitirira kufalikira chaka ndi chaka.